Tsiku limodzi ku Istanbul: yambirani pa chipilala cha Constantine

Mayi, mwati mukupita kukaoda zovala ku Laleli ndipo muli ndi tsiku limodzi loti muone momwe mzindawu unayambira. Musayambe ndi Hagia Sophia, tchalitchi chachikulu chakale, monga amachitira ambiri. Mzere wake ungakudyereni m'mawa wonse, komanso nyumba imene ilipoyo inamangidwa mzinda wa Constantine utatha kale zaka 200.

Gulani khadi ya Istanbulkart, mukwere tramu ya T1 pa Laleli n'kutsika pa Çemberlitaş. Pomwepo pali chipilala chachitali cha mwala wofiirira, chomangidwa mikombero yachitsulo kuti chisagwe. Chinali pakati pa bwalo la mfumu Constantine. Iyeyu atagonjetsa mfumu inzake Licinius mu 324 ku Chrysopolis, kutsidya kumene lero kuli Üsküdar, anasankha tauni ya Agiriki ya Byzantium, yomwe anthu ochokera ku Megara ku Greece anaiyambitsa zaka zoposa 600 Yesu asanabadwe. Pa 11 Meyi 330 anaitsegulira ngati likulu la ufumu wa Roma, ndipo inatchedwa Constantinople. Malowa anamukopa chifukwa kumwera kuli nyanja ya Marmara, kum'mawa kuli mpata wa nyanja wa Bosphorus, kumpoto kuli doko la Golden Horn. Adani oyenda pansi akanangodzera kumadzulo kokha.

Tsikani wapansi msewu wa Divan Yolu, womwe ukutsatira msewu waukulu wakale, mpaka pabwalo la Sultanahmet. Apa panali bwalo la mijaha ya magaleta okokedwa ndi akavalo. Imani pa chipilala cha ku Iguputo chomwe mfumu Theodosius woyamba anaimika mu 390, muyang'ane tsinde lake: pali chosema cha mfumu ili pampando ndi banja lake, ndipo m'munsi anajambula momwe ankakokera mwalawo ndi zingwe. Chapafupi pali chipilala chamkuwa cha njoka zopotana, chochokera ku Delphi ku Greece. Chili m'dzenje, ndipo pansi pa dzenjelo ndi pamene panali nthaka ya nthawiyo.

Vuto la malowa linali madzi akumwa. Panalibe mtsinje waukulu, choncho madzi ankachokera kutali ku Thrace, dera la kumadzulo kwa mzindawu, kudzera m'ngalande, n'kusungidwa m'zitsime zomanga. Pamenepa mpamene ndikuti muthere nthawi. Lowani mu Basilica Cistern, yomwe pazikwangwani imalembedwa Yerebatan Sarnıcı, ya m'nthawi ya mfumu Justinian, imodzi mwa malo osungiramo madziwo pansi pa nthaka. Ili ndi nsanamira 336, zambiri zozulidwa m'nyumba zakale, n'chifukwa chake sizifanana. Kumapeto kuli mitu iwiri yosema ya Medusa, chilombo cha m'nthano za Agiriki, yochirikiza nsanamira, wina chozondoka, wina cham'mbali. Pansi pamakhala ponyowa, ndiye valani nsapato zosaterera. Mlatho wodutsamo madzi wa mfumu Valens, wa m'zaka za m'ma 300, uli kufupi ndi Laleli, ndipo magalimoto amadutsa pansi pake pamsewu wa Atatürk Bulvarı. Uwo mungauone tsiku lililonse mukaweruka kumashopu.

Hagia Sophia muilowe masana. Inamangidwa kuyambira 532 mpaka 537, tchalitchi chomwe chinalipo pamalopo chitapsa pa zipolowe zoukira Justinian zotchedwa Nika. Denga lake lozungulira linagwa mu 558 chifukwa linali lophwatalala kwambiri moti linkakankhira makoma kunja, zivomezi n'kumalizitsa, ndipo anamanganso lalitali. Kuyambira 2020 ndi mzikiti, choncho tengani mpango wa kumutu, muvale zofika m'munsi, ndipo musapiteko Lachisanu masana pa nthawi ya mapemphero.

Madzulo kaoneni linga la Theodosius wachiwiri, lomwe linatha cha mu 413. Apa ambiri amasochera: siteshoni ya T1 yotchedwa Topkapı ili ku lingako, pamene nyumba yachifumu ya Topkapı ili kufupi ndi Sultanahmet, mbali ina ya mzinda. Lingali linali ndi ngalande kunja, khoma lalifupi, kenako khoma lalitali la nsanja. Ankhondo a mtanda a mu 1204, Akhristu ochokera kumadzulo kwa Ulaya, analowera ku makoma a kudoko. Amene anathyola linga la kumtundali ndi Mehmed wachiwiri, mfumu ya Aturuki, pa 29 Meyi 1453, atalimenya ndi mizinga ikuluikulu kwa masabata angapo. Mbali zina n'zogumuka ndiponso zopanda anthu, ndiye mubwereko kusanade, ndipo musakwere pamwamba pomwe palibe zogwirira.