Kwa achimwene a ku Salima ofuna ndalama zochitira kafukufuku wa chikhalidwe

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ndinu mphunzitsi kuno ku Salima, muli ndi digiri ya Masters, mwaona chilengezo cha fellowship yolipira kafukufuku wa zaluso ndi chikhalidwe, ndipo mukufuna kufufuza za moyo ndi miyambo ya anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Mwafunsanso ngati munthu wosagwira ntchito pa yunivesite angapatsidwe ndalama zoterezi. Angapatsidwe ndithu. Chomwe chingakugwetseni ndi kukula kwa mutu wanuwo, ndipo ndikutero chifukwa ineyo ndinagwapo ndi mutu wonga womwewu.

Ulendo woyamba ndinalemba kuti ndifufuza nyimbo ndi miyambo ya asodzi kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa. Mumtima ndinkati kutalika kwa deralo ndi komwe kuwagometse. Yankho linabwera lalifupi kwambiri: anati sakuona chinthu chenicheni chimene chidzadziwike chaka chikadzatha, chomwe lero sichikudziwika. Zinandiwawa sabata yathunthu, koma ananena zoona. Anthu amene amawerenga mapempho awa amakhala ndi mulu wa mapepala patsogolo pawo, ndipo ambiri a iwo sanapondepo mchenga wa ku Senga Bay. Mukawauza kuti "chikhalidwe cha kunyanja" saona kanthu. Muwaonetse munthu mmodzi, malo amodzi, ntchito imodzi.

Chaka chotsatira ndinalemba za kusema bwato basi, pa dooko limodzi, ndi amisiri atatu. Chinandisintha maganizo ndi tsiku lina lomwe ndinakhala pansi pafupi ndi gogo wina akusema. Ankati akagwetsa kasemasema kangapo, amaima n'kugogoda m'mbali mwa chipikacho ndi chala, khutu ali tcheru. Nditawafunsa anati kulira kwa mtengo ndi komwe kumawauza ngati khoma la bwato lafika poyenera kapena likadali lochindikala. Mwana wawo amapanga maboti a matabwa, bwato losema alibe nalo ntchito, ndipo mitengo ikuluikulu yosemera ikunka nisowa. Ndime yoyamba ya propozo yanga, chikalata chofotokoza kafukufuku amene ndinkapemphera ndalama, inali ya kugogoda kumeneko. Apo ndiye anandipatsa ndalamazo.

Inuyo muli ndi nkhani yaikulu pakhomo pomwe, ku chilumba cha Mbenji. Kumeneko ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja n'kudzatsegulanso mvula ikatha, kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo pali malamulo okhwima: mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa, amayi sapita pachilumbapo. Akatswiri a za nsomba alembapo za utaka wa ku Mbenji. Inu monga munthu wa zachikhalidwe mungafunse zina. Kodi malamulowa amaphunzitsidwa bwanji kwa mnyamata wongoyamba usodzi? Pa mwambo wotsegulira pamayankhulidwa mawu otani, ndipo amawayankhula ndani? Nanga amayi amene amadikira nsomba kumtunda, omwe amaziyanika pathandala n'kukagulitsa, amaufotokoza bwanji mwambowu? Funso limodzi mwa awa ndi lokwana chaka chathunthu. Sindikuti mutenge Mbenji basi, koma funso lanu likhale laling'ono chonchi.

Musanalembe ngakhale liwu limodzi, werengani gawo lonena za oyenera kupempha. Ambiri timathamangira kuona kuchuluka kwa ndalama, gawo ili n'kulidumpha. Ma fellowship ambiri amafuna PhD, monga Iso Lomso ya ku STIAS, bungwe la kafukufuku la ku Stellenbosch ku South Africa. Ena amatchula mayiko: African Humanities Program, yomwe inathandiza ophunzira ambiri a mu Africa, inkalandira a ku Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda okha, Malawi munalibe. Mukaona kuti simukukwanira pa mfundo imodzi yokha, musataye bandulo yanu, sasintha lamulo chifukwa propozo ndi yokoma.

Kwa munthu wa ngati inu, ndikanayang'ana kaye mathumba olipira ntchito yojambula ndi kusunga zinthu zomwe zikutha. British Museum ili ndi Endangered Material Knowledge Programme, yothandiza kujambula mmene anthu amapangira zinthu ndi manja, monga bwato, mono, mbiya kapena mphasa. British Library ili ndi Endangered Archives Programme, yomwe inayamba mu 2004, yopulumutsa zolembedwa ndi zithunzi zakale zimene zikudyedwa ndi chiswe. Taganizani za mabuku akale a mishoni ya Anglican ku Nkhotakota, kapena zolembedwa m'zilembo za Chiarabu zomwe mabanja ena a ku Linga angakhale akusunga kuchokera m'nthawi ya a Jumbe. Pa zinthu zaposachedwapa, monga makaseti ndi zithunzi za m'zaka za m'ma 1900, pali Modern Endangered Archives Program ya ku UCLA, yunivesite ya ku Los Angeles ku America. Onsewa amalandira ndalama ku thumba la Arcadia, ndipo amafuna kuti zomwe mwajambula zidzaikidwe pa intaneti kuti aliyense azione. Mfundo yotsirizayi muiganizire bwino. Ngati mutu wanu ukukhudza zakudambwe kapena zachinamwali, pali zinthu zomwe eni ake sangalole kuti zituluke, ndipo inunso simuyenera kuzitulutsa. Mulembe poyera mu propozo kuti zakutizakuti sindidzajambula, chifukwa chake n'chakuti. Owerenga amalemekeza munthu wodziwa malire.

Kawirikawiri ndalamazi sazipereka m'manja mwa munthu, zimadzera ku bungwe lokusungani. Ndiye yambani lero kufunafuna dipatimenti ya pa yunivesite, nyumba yosungira zakale kapena bungwe lolembetsedwa lomwe lingavomere kuti mugwire ntchito pansi pake. Yambirani komwe munachita Masters. Mufunsiretu kuti iwo adzadulapo zingati za kayendetsedwe ka ofesi, ndipo ndalama zikafika zimatenga masiku angati kuti zituluke. Ine sindinafunse, ndipo ndinakhala milungu ingapo ndikudikira siginecha ya munthu mmodzi pamene amisiri anga anali atagwetsa kale mtengo.

Chinanso chomwe chimagwetsa anthu a kuno ndi mawu oti "palibe amene anafufuzapo zimenezi". Musawalembe mawu amenewa. Owerenga amadziwa kuti Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anajambula nyimbo m'madera a Achewa m'zaka za m'ma 1950, ndipo zili ku International Library of African Music ku Rhodes University ku South Africa. Amadziwa za National Archives ku Zomba, za Society of Malawi Journal, za ntchito ya Kungoni ku Mua yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Amadziwanso kuti UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005. Muonetse kuti mwawerenga zomwe anzanu anachita, kenako muloze pamene pali mpata. Mphamvu yanu njakuti chinenero ndi chanu, kunyanja mumafikako ndi kabaza, ndipo ntchito ikadzatha mudzakhala mukadali pomwepa. Wofufuza wochokera kunja amafunika womasulira ndi miyezi yambiri kuti anthu amuzolowere. Zimenezi muzilembe, musachite nazo manyazi.

Pa chilolezo pali mbali ziwiri. Ya boma ndi ya National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, yomwe ili ndi komiti younika kafukufuku wokhudza anthu ndi chikhalidwe. Pamakhala cholipira ndiponso nthawi yodikira, choncho zonse ziwiri zilowe mu pulani yanu. Mudzafunikanso kukaonekera kwa DC. Koma chilolezo chomwe chimatsegula pakamwa pa anthu ndi cha kumudzi: kwa T/A, kwa gulupu, kwa nyakwawa, kwa akomiti ya padooko, ndi kwa munthu mwini amene mukufuna kumujambula. Pitani musanatumize pempho, osati ndalama zitabwera. Mukalemba kuti ndinakhala nawo pansi ndipo avomera, propozo yanu imalemera kuposa ya munthu wolonjeza kuti adzakafunsa.

Bajeti ikhale yoona. Muikemo cholipira anthu omwe mudzawachotse pa ntchito yawo tsiku lonse, mafuta a boti, chojambulira mawu, mahadi dilaivi awiri osungidwa malo osiyana, ka sola kotchajira, ndi wothandiza kulemba zomwe mwajambula, poti ola limodzi la mawu limadya maola angapo kulilemba ndi kulimasulira. Muikemonso ulendo wokabweza zithunzi ndi mawu kwa eni ake. Muwerengere m'ndalama yomwe iwo akupereka, kaya ndi mapaundi kapena madola, ndipo mulembe tsiku lomwe munatengera mtengo wosinthira. Tonse tikukumbuka Novembala wa 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kalendala nayo igwirizane ndi nyengo za kuno. Musalonjeze zojambula panyanja m'miyezi ya mwera, kapena maulendo ambiri pa msewu wa M5 pakati pa dzinja, ndipo ngati ndi za Mbenji, tsiku lotsegulira likakudutsani mudikira chaka china.

Okuchitirani umboni muwapemphe kukadali mwezi wathunthu, muwatumizire propozo ndi CV, ndipo muziwakumbutsa mwaulemu. Sankhani munthu amene anawerengadi ntchito yanu, ngakhale asakhale wa dzina lalikulu. Chingerezi chikhale chosavuta, ziganizo zifupizifupi. Mukamaliza mupatse mnzanu wophunzitsa masamu awerenge, akalephera kukuuzani zomwe mukufuna kuchita ndiye kuti sizinamveke. Tumizani kukadali masiku atatu, chifukwa tsiku lotsekera amawerengera nthawi ya kwawo, ndipo magetsi ndi netiweki yathu mukuzidziwa. Wina akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama pa foni kuti fomu yanu iyende, ameneyo ndi wakuba. Mathumba ndatchulawa salipiritsa popempha.

Simunatiuze kuti chilengezo mwaonacho n'cha bungwe liti komanso chikutseka liti. Ngati kwatsala milungu iwiri yokha, ine ndingati chilekeni chipite, mukonzekere cha chaka chamawa, poti ambiri mwa awa amatsegula chaka ndi chaka. Loweruka likubwerali pitani kudooko mukakhale ndi mkulu mmodzi amene mukumuganizira, osanyamula chojambulira, mukangomvetsera. Mukabwerako mulembe funso lanu m'ziganizo ziwiri, mulitumize pompano. Ndidzaliwerenga, ndipo ndikuuzani mosabisa ngati likadali lalikulu.