Funsani Anaphiri: Ana ndi kuloweza ndakatulo

Nyengo yotsekera sukulu ikayandikira, makalata a nkhani ya ndakatulo amachuluka patebulo langa. Mwezi uno ndasankhapo anayi.

FUNSO: Zikomo Anaphiri. Mwana wanga wamwamuna ali mu Sitandade 7. Aphunzitsi amupatsa ndakatulo ya ndime zisanu ndi imodzi kuti aloweze, adzalakatule tsiku lotsekera. Madzulo aliwonse amangokhalira kubwebweta kuseri kwa nyumba, masamu osawakhudza n'komwe. Chaka chamawa alemba mayeso a Sitandade 8. Ine ndikuona ngati akumusandutsa chinkhwe. Kodi ndikawauze aphunzitsiwo kuti amuchotse?
Bambo wodandaula, Kawale, Lilongwe

Bambo, musathamangire kusukulu. Madzulo ano muitaneni mwanayo, atseke kope, mumufunse kuti: akuyankhula m'ndakatuloyi ndani? Akuuza yani? Chamuvuta kapena chamusangalatsa n'chiyani? Akayankha m'mawu akeake, ngakhale modumphadumpha, msiyeni apitirize. Koma akangoti kukamwa yasa, kapena akayamba kukulakatulirani kuchokera pa mzere woyamba ngati kuti ndilo yankho, ndiye kuti dandaulo lanu ndi lomveka. Ndipo mlandu si wa mwana. Ndi wa amene anamupatsa pepala osakhala naye pansi kumumasulira zining'a ndi mikuluwiko yomwe ili m'menemo. Mukapita kusukulu, kapempheni zimenezo, osati zoti amuchotse.

Ndisakunamizeni, mayeso a MANEB ndi olemba. Palibe amene adzamuimiritse m'chipinda cha mayeso kuti alakatule. Koma nthawi yomwe ndinkaphunzitsa Chichewa kusekondale, ana obwera ndi ndakatulo ziwiri kapena zitatu m'mutu ndinkawadziwira pa chimangirizo. Ankadziwa poika mpatuliro ndi poika mpumiro chifukwa anali atazolowera kumva pamene munthu amapumira poyankhula. Chining'a ankachiika pamalo pake chifukwa anakumana nacho chili m'chiganizo, osati pamndandanda wa kumapeto kwa buku. Komanso akadzafika ku Fomu 4, mayeso a Chichewa a MSCE adzamufunsa za ndakatulo: woyankhula, phunziro, zipangizo zomwe mlakatuli wagwiritsa ntchito. Mwana amene anatafunapo ndakatulo ndi pakamwa pake sachita nayo chilendo papepala.

Palinso china chomwe mayeso sayeza. Mlakatuli Jack Mapanje, yemwe anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College ku Zomba, anamangidwa mu Sepitembala 1987 n'kukatsekeredwa kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka mu Meyi 1991. Cholembera ndi pepala sizinali zinthu zomwe mkaidi wa ndale ankaloledwa kukhala nazo. Ndakatulo ankazipeka ndi kuzisunga m'mutu, ndipo zina mwa izo zinadzatuluka m'buku mu 1993, iye atamasulidwa. Sindikufunira mwana wanu ndende ayi! Ndikungoti zomwe munthu waloweza woyang'anira ndende sangazilande pochita chipikisheni.

Ndipo tisamachite ngati kuloweza kunabwera ndi aphunzitsi a masiku ano. Ku Mangochi ndi ku Machinga ana a ku madrasa amaloweza masura a Korani m'Chiarabu, ena mpaka onse 114. Ku Sande sukulu kuli vesi la pamtima, kukalasi kuli katekisimu. Sindinamvepo kholo likuti zimenezi zapha masamu.

Pomwe mwalondola ndi pa nthawi. Ndakatulo ya ndime zisanu ndi imodzi sifunika madzulo onse. Mphindi 15 kapena 20 patsiku ndi zokwanira, zotsalazo akhale pa masamu. Mukamvetsere tsiku lotsekeralo, musakatumize amake okha.

FUNSO: Anaphiri, ndili Fomu 3. Kunyumba ndakatulo ndimaitha yonse osaphonya, koma ndikaima pa asembule m'mutu mumangoti mbee, mawondo n'kumagundana. Teremu yatha ndinaima pakati, anzanga anandiseka sabata yonse. Tsopano andisankhanso. Ndikane?
Mtsikana wa ku Balaka

Usakane mwana wanga. Ukakana lero, chaka chamawa udzakananso kuyankha funso m'kalasi, ndipo mantha amenewo udzapita nawo kukafunsira ntchito.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa momwe umalowezera. Umakhala pamphasa kapena pabedi, kope lili pamwendo, n'kumanong'ona kuchokera pa mzere woyamba mpaka womaliza. Ukakakamira penapake umasuzumira pang'ono n'kupitiriza, ndipo umadziuza kuti waitha. Sunaithe. Diso lako ndi lomwe lakhala likukuwolotsa pamalo ovutawo, ndipo pa asembule kopelo kulibe. Komanso ndime yoyamba waibwereza kambirimbiri chifukwa nthawi zonse umayambira pomwepo, pomwe yachinayi waikhudza mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake ana ambiri amagwera pakati, osati poyamba.

Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anasindikiza mu 1885 zomwe anapeza atadziyesa yekha. Ankaloweza maphatikizo opanda tanthauzo n'kumayeza kuti akuiwala msanga bwanji. Anaona kuti zambiri zimathawa m'maola oyambirira, kenaka kuiwalako kumachepa liwiro. Anaonanso kuti kubwereza pang'onopang'ono pa masiku angapo kumagwira kuposa kukakamiza zonse tsiku limodzi. Chomwe chimandisangalatsa ine n'choti atayesa ndime za ndakatulo yeniyeni, yokhala ndi tanthauzo, zinalowa mosavuta pafupifupi kakhumi kuposa maphatikizo aja. Choncho yamba ndi kuimvetsa. Ufotokozere mng'ono wako nkhani ya ndime iliyonse m'mawu ako. Ukadziwa kuti apa mayi akudandaula, apa akukumbukira zakale, apa wakwiya, ngakhale liwu limodzi litakuthawa sudzasochera, chifukwa ukudziwa komwe nkhani ikupita.

Kenaka tenga ndime imodzi patsiku, mokweza, utaimirira. Uinene madzulo usanagone, m'mawa uiyesenso kope lili lotseka. Ukakakamira usasuzumire msanga, limbana nayo kaye, chifukwa kulimbanako ndi komwe kumaikhomerera m'mutu. Malo oopsa kwambiri ndi polumikizira ndime, ndiye mzere womaliza wa ndime ino uziuloweza pamodzi ndi mzere woyamba wa ndime yotsatira, ngati chiganizo chimodzi. Ukaona kuti yalowa, lemba papepala malembo oyamba okha a mawu onse, uziinena ukuyang'ana malembowo, kenaka pepalalo ulitaye. Uuze wina kunyumba azikutchulira mzere uliwonse womwe wafuna, iwe uzipitiriza kuchokera pomwepo. Uziinena popita kumjigo, potsuka mbale, pamene wailesi ikusokosa. Ndakatulo yongolowa pamalo a zii imathawa phokoso likayamba.

Yang'ananso chibwereza. Mawu a Chichewa onse amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho kufanana kwa mathero a mizere sikukuthandiza kwenikweni kukumbukira. Chomwe chimagwira ndakatulo zathu zambiri ndi mawu obwerezedwa poyambira mizere, mayina oitanira, ndi mvekero. Zimenezo uzidule mzere kunsi ndi pensulo, ndi pomwe uzigwira.

Tsikulo likafika, usayambe ukuyenda. Fika, ima, ponda pansi ndi mapazi onse awiri, puma kawiri, kenaka tchula mutu. Sankha anthu atatu, wina kumanzere, wina pakati, wina kumanja, cha kumbuyo, uziyankhula ndi iwowo. Yamba pang'onopang'ono kuposa momwe mtima ukukuuzira, chifukwa mantha amathamangitsa lilime. Ukaiwala, usanene kuti pepani, usaseke, usayambirenso. Khala chete, puma, bwereza mzere womwe wangonena kumene. Nthawi zambiri wotsatirawo umabwera wokha. Ukapanda kubwera lumphira ku ndime yotsatira. Anzakowo alibe pepala, sadziwa kuti wadumpha pokhapokha nkhope yako iwaululire.

FUNSO: Mayi, ndine mphunzitsi wa Sitandade 5. M'kalasi mwanga muli ana oposa 100, mabuku ndi ochepa. Ndingawalowezetse bwanji ndakatulo onsewa? Chachiwiri, andisankha kukhala mmodzi wa oweruza pa mpikisano wa ndakatulo wa sukulu za m'zoni yathu. Ndiyang'ane chiyani?
Mphunzitsi, Dedza

Aphunzitsi, chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi otere akhala ali nafe, ndiye tisadikire mabuku. Ndakatulo ndi phunziro limodzi lomwe silivutika kwambiri ndi kuchepa kwa mabuku, bola bolodi ndi choko zilipo. Ilembeni yonse pabolodi. Muiwerenge inuyo kaye, bwinobwino, kawiri, ana akungomvetsera. Kambiranani zomwe ikunena. Kenaka awerenge nanu, ndipo nthawi iliyonse akamaliza fufutani mawu awiri kapena atatu. Iwo aziwerengabe ngati mawuwo alipo. Pitirizani mpaka bolodi litayera. Ana amachita kulimbirana kuti mufufute ena, ndipo pofika belu ndime ziwiri zimakhala zalowa.

Gwiritsaninso ntchito zomwe ana akuzidziwa kale kuchokera ku nthano, zija za "Padangokhala" ndi "Tili tonse". Mbali ina ya kalasi itsogolere mzere, ina ivomere wotsatira, kenaka asinthane. Koma musalekere pa chigulu. M'khwimbi la ana 100 muli ena ongoyendetsa milomo. Tsiku lililonse imikani asanu osiyana, aliyense ndime imodzi. Woiwala musamugwaditse kapena kumupatsa chikwanje. Ndikudziwa akuluakulu ambiri, ena ndi aphunzitsi anzathu, omwe mpaka lero akamva za ndakatulo amakumbukira ndodo basi.

Tsopano za mpikisano, ndipo apa ndiyankhula mosabisa mawu. Oweruza ndife amene taononga kalakatulidwe ka ana. Tazolowera kupereka mphotho kwa wokuwa kwambiri. Mwana amafika atavala chiguduli, wadzipaka phulusa, mzere uliwonse akuponya manja, akatchula mtima adzimenya pachifuwa, akatchula kumwamba aloza kumwamba, mawu atawasasitsa dala kutengera mlakatuli wina wotchuka yemwe amamumva pawailesi. Ndakatulo ya maliro, ya chikondi, ya kusamala mitengo, zonse liwu lake limodzimodzi. Anthu amaombera m'manja, koma mukafunsa wina potuluka kuti mwana uja amati chiyani, sayankha.

Mlakatuli wa pawailesiyo liwu lakelo analipeza yekha, logwirizana ndi zomwe amalemba ndiponso msinkhu wake. Mtsikana wa zaka 11 alibe chifukwa chobwereka kholingo la bambo wa zaka 50.

Inu mukakhala pampando woweruzawo, tsekani maso pa ndime imodzi. Kodi mawu onse akumveka? Kodi mwanayo akupumira pomwe ganizo lathera, kapena akungoima kumapeto kwa mzere uliwonse ngakhale chiganizo chisanathe? Mvetseraninso kakokedwe. Pothera ganizo Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, timati "kumuudzi", koma ana ambiri akakwera pansanja amayamba "kumudziii", Chichewa chomwe sayankhula kwawo. Onani ngati liwu likusintha pamene nkhani yasintha, ngati akudziwa kutsitsa mawu. Kuponya manja kawiri kapena katatu pamalo pake ndi kokwanira ndakatulo yonse. Ngati malamulo a mpikisano akulola, mufunseni mwana aliyense funso limodzi lokhudza ndakatulo yake akamaliza. Aphunzitsi anzanu akadziwa kuti funsolo lilipo, chaka chamawa adzaphunzitsa mosiyana.

Musaiwale kufunsa kuti walemba ndani. Ana ambiri amalakatula za eni ake osatchula dzina, ndipo ena amapatsidwa ndakatulo zolembedwa usiku umodzi ndi mphunzitsi pofuna kusangalatsa mlendo wolemekezeka, zodzaza ndi mawu a chitukuko omwe mwana sangawamve. Ngati m'zoni mwanu simunasankhe tsiku, pa 21 Malichi ndi tsiku la ndakatulo padziko lonse, lomwe bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1999.

FUNSO: Anaphiri, mwana wanga wa zaka zisanu ndi zinayi ndi wachibwibwi. Anzake onse apatsidwa ndime zoti adzalakatule, iye yekha aphunzitsi amusiya, akuti akumumvera chisoni. Wabwera akulira. Chodabwitsa n'choti kutchalitchi amaimba bwinobwino osakakamira.
Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

Mayi, zomwe mwaonazo ndi zodziwika. Anthu ambiri achibwibwi sakakamira akamaimba kapena akamanena mawu pamodzi ndi anthu ena, ndipo ena zimawapepukira akamatsatira kugunda kokhazikika. Chibwibwi si kuperewera nzeru, ndipo sichibwera chifukwa choti mwana sanaloweze. Ndakatulo sichiza chibwibwi, koma ikhoza kumupatsa mpata woima pamaso pa anzake n'kumaliza zomwe wayamba.

Poti mwiniwake akufuna, pitani mukaonane ndi aphunzitsiwo mwaulemu, chifukwa chisoni chawocho sichinachokere pa nkhanza. Pemphani kuti amupatse ndime yaifupi yoti adzanene limodzi ndi mnzake mmodzi amene amagwirizana naye, awiri liwu limodzi. Kunyumba muziinena naye, inu mukuomba m'manja pang'onopang'ono, kenaka muzitsitsa mawu anu mpaka atsale yekha. Akakakamira musamumalizire mawu, musamuuze kuti "fatsa" kapena "yambiranso", ingomudikirani mukumuyang'ana monga mwa masiku onse. Abale ake muwachenjeze kuti woseka aona zakuda. Mufunsenso kwa ahedi ngati m'zoni mwanu muli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, amuone asanafike ku makalasi akuluakulu komwe kuyankha pakamwa kumachuluka.

Makalata a mwezi wamawa akhale okhudza kusankha maphunziro polowa Fomu 3. Lembani mwachidule, ndipo tchulani dera lomwe mukukhala.