Masipika akamalira mukaponda mafuta

Achimwene, mwati chiikireni ampulifaya masipika akulira ngati udzudzu, kulirako n'kumakwera mukaponda mafuta, ndiye mukufunsa ngati mugule fyuluta yochotsa phokosolo. Musagule kaye.

Phokoso lokwera ndi kutsika limodzi ndi injini limachokera ku alternator, chipangizo cha pa injini chomwe chimapanga magetsi ochajira batire. Mkati mwake magetsi amabadwa ali AC, ndipo ma diode 6 amawasandutsa DC yopita ku batire. Sasalala kwenikweni ayi, pamatsala timafunde ting'onoting'ono, ndipo injini ikathamanga timafundeto timabwera mothinana, n'chifukwa chake liwu lija limakwera. Galimoto iliyonse ili nato. Chofunika n'kupeza pomwe tikulowera m'zoimbira zanu.

Nthawi zambiri khomo lake ndi earth, waya womwe umalumikiza chipangizo ku chitsulo cha galimoto. Wailesi yagwira chitsulo kutsogolo, ampulifaya yagwira kumbuyo, ndipo magetsi a malo awiriwo amasiyana pang'ono. Kusiyanako kumadutsa m'mawaya a RCA, omwe amatenga nyimbo ku wailesi kupita nazo ku ampulifaya, ampulifaya n'kukukweza ngati nyimbo. Zulani ma RCA ku ampulifaya, muyatse injini. Kukakhala zii, phokoso likubwera ndi ma RCA kapena wailesi. Kukapitirira, yang'anani earth ya ampulifayayo. Waya wake akhale wamfupi, wonenepa mofanana ndi wochokera ku batire, womangidwa pa chitsulo chopalidwa penti ndi dzimbiri mpaka kuwala. Ambiri amangomangirira pa bawuti iliyonse pamwamba pa penti, kenako n'kumanyoza ampulifaya kuti ndi yachinyengo. Ma RCA adutse mbali imodzi ya galimoto, waya wamkulu wa batire adutse mbali inayo.

Zikakanikabe, ikani multimeter, choyezera magetsi, pa batire injini ikulira. Pa DC muone pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts. Pa AC, mukaona zopitirira 0.5 volts, kayikirani diode yakufa, ndipo pamenepo palibe fyuluta yomwe ingakuthandizeni.

Koma mvetserani bwino liwulo. Kuthetheka kwa "tha-tha-tha", makamaka pa AM, ndi mapulagi opanda resistor. Mapulagi a kampani ya NGK okhala nayo amakhala ndi chilembo R pa nambala yake. Ngati FM ikungoti "shiii" mukayatsa nyali, kayikirani mababu a LED otchipa, chimodzimodzinso chaja ya foni. Zulani chimodzichimodzi mpaka wolakwa adziulule, kenako m'sintheni kapena mupanikize ferrite, kachipangizo kovala waya kochepetsa phokoso la magetsi, pa waya wake.

Fyuluta ya pa RCA imathetsadi kulirako, koma zotchipa zimadya bezi, earth yovunda ija n'kutsala momwemo. Yambani ndi kuzula ma RCA, mutiuze zomwe mwamva.