Kodi boma lingamulande mpando mkulu wa matha?

FUNSO: Akonzi, ndinamva kuti ku India atsogoleri a nyumba za amonke achihindu amakokana ndi boma kukhoti. Kodi zachipembedzo boma zimalikhudza chani?

YANKHO: Inde zimachitikadi, ndipo si za lero ayi. Nyumbazi amati matha, mkulu wake ndi mahant kapena mathadhipati. Nkhani yake ndi chuma basi, matha zambiri zili ndi minda komanso ndalama za zopereka, ndiye boma limafuna kuona momwe zikuyendera.

Mlandu wotchuka ndi wa matha yotchedwa Shirur Mutt ya ku Udupi, tawuni yomwe nthawi imeneyo inali pansi pa boma la chigawo cha Madras. Matha ija inali pangongole, akuluakulu oona za chuma cha zipembedzo ku Madras anafuna kukonza okha dongosolo loyendetsera zinthu, koma mkulu wake Lakshmindra Thirtha Swamiar anati toto mpaka nkhani inakafika ku Supreme Court. Mu 1954 majaji 7 anagamula kuti mapemphero, miyambo ndi zonse zomwe chipembedzocho chimaziona kuti nzofunika boma lisazikhudze, malinga ndi ndime 26 ya malamulo aakulu a dzikolo, koma za ndalama ndi katundu lingathe kuika malamulo bola lisalande kuyendetsa konse. Anatinso mahant si wantchito wamba woti nkumangomutuma.

Koma milandu yowawa kwambiri, mmene ndikuonera ine, ndi ya eni ake okhaokha, kulimbirana mpando. Ku matha ya Jyotirmath mkangano unabuka mkulu wake Brahmananda Saraswati atamwalira mu 1953, ndipo mu 2017 khoti la Allahabad linakana onse awiri omwe ankati mpandowo ngwawo. Tangoganizani, zaka 64.