Za masiku opuma pa baseball: werengani mikono ya oponya, osati kalendala

Achimwene, mwafunsa ngati timu ya baseball imene yapumako tsiku imasewera bwino kuposa inzake, ndiponso ngati ndi nzeru kuibetchera. Za kampani imene ili ndi ma odds abwino akuyankhani ena. Ine ndinena za MLB, ligi yaikulu ya baseball ya ku America, imene yandimana tulo zaka zingapo tsopano, poti masewero a 7 koloko madzulo ku New York kuno amayamba 1 koloko usiku, a ku Los Angeles 4 koloko m'bandakucha.

Amene akuuzani kuti wopuma ndiye wowina aja, mutu wawo uli ku Premier League. Ku MLB timu iliyonse imasewera magemu 162 m'miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi tsiku ndi tsiku. Masiku opuma pamwezi amangokhala atatu kapena anayi, kawirikawiri Lolemba kapena Lachinayi, ndipo ambiri amathera m'ndege. Womenya mpira satopa ngati osewera pakati mu mpira wamiyendo. Chimene chimatopa ndi mkono wa woponya.

Oponya oyamba, ma starter, amakhala asanu ndipo amasinthana, aliyense kupuma masiku anayi kapena asanu. Amenewa sabisika, dzina limalengezedwa kale. Msampha uli kwa anyamata a mu bullpen, oponya amene amalowa starter akatuluka cha mu inning ya 6 kapena 7 (gemu imagawidwa m'zigawo 9 zotchedwa ma inning). Woponya wodalirika akaponya masiku awiri otsatizana, tsiku lachitatu manejala nthawi zambiri samutulutsa, ndipo mumapeza gemu ikutsekedwa ndi munthu amene simunamumvepo.

Ine zinandionekera. Ndinaika ndalama cha m'ma K40,000 pa timu imene inali ndi starter wooneka kuti palibe angamugwire. Anaponyadi bwino, anatuluka timu ikutsogola 4 kwa 1. Chimene sindinayang'ane n'chakuti dzulo lake anasewera ma inning owonjezera, dzana anagwiritsa ntchito oponya asanu. Mu inning ya 8 analowetsa mnyamata wongokwezedwa kumene kuchokera ku ligi yaing'ono, ndipo ndinaona ndalama yanga ikusungunuka ngati mchere m'ndiwo, ine ndili pa foni ndafunda bulangete kuopa kudzutsa mayi a kunyumba. M'mawa ndinanama kuti ndi mutu. Kuyambira pamenepo sindigwira tikiti ndisanatsegule box score, ziwerengero za gemu iliyonse, ya masiku atatu apitawo, kuona amene anaponya ndi mipira ingati. Ili pa tsamba la MLB, yaulere. Ngati mwakonda starter koma bullpen yatopa, betchani ma inning asanu oyamba okha, pamene mwayiwo ulipo.

Tsono kupuma kwambiri nakonso kuli ndi mbiri yake. Mu 2007 a Colorado Rockies anawina magemu 21 mwa 22, kenako anakhala masiku 8 akudikira World Series, fainolo ya MLB, ndipo a Boston Red Sox anawakwapula 4 kwa 0. Kuyambira 2022, matimu awiri apamwamba m'ligi iliyonse mwa maligi awiri a MLB amadumpha ndime yoyamba ya ma playoff, n'kukhala masiku asanu osasewera. Chaka chomwecho a Dodgers, amene anawina magemu 111, anatulutsidwa ndi a Padres. Mu 2023 zinanyanya: Orioles anagwa kwa Rangers osawinako n'kamodzi komwe, Dodgers chimodzimodzi kwa Diamondbacks, Braves a magemu 104 anagwa kwa Phillies. Anthu anafuula kuti kupuma kumachititsa dzimbiri. Koma a Astros anapumanso chimodzimodzi mu 2022 n'kutenga chikho, ndipo mu 2024 matimu atatu mwa anayi opumawo anapitirira, Dodgers ndi Yankees n'kukakumana mu fainolo. Amene anathamangira kubetchera dzimbiri chaka chimenecho anadyedwa. Ndime imene opumawo amayambira imakhala ya magemu osaposa asanu, ochepa kwambiri kuti munthu akhulupirire chilichonse, poti pa baseball ngakhale timu yamphamvu kwambiri imaluza magemu 50 kapena 60 pachaka.

Chinanso, musamaganize kuti mwatulukira chinsinsi. Kalendala imatuluka chaka chisanayambe, ndipo oika ma odds anaiwerenga kale inu musanadzuke. Pa odds ya 1.91 mbali zonse, muyenera kuwina koposa 52 pa 100 kuti mungobweza yanu yokha. Aja amagulitsa "ma trend a rest day" pa WhatsApp, mwina K5,000 kapena K10,000 pa sabata, akanakhala kuti akudziwa sakanafuna kandalama kanuko. Ndipo baseball musaiponye pa tikiti yaitali ya magemu khumi ngati momwe timachitira Loweruka, imang'amba msanga kuposa mpira.

Zimene ndimayang'anako pang'ono ndi ulendo: timu yasewera usiku kugombe lakumadzulo, mawa lake ili kum'mawa, kusiyana kwa maola atatu. Komanso gemu ya masana yotsatira ya usiku, chifukwa catcher woyamba, wowakha mipira ya woponya, kawirikawiri amapumitsidwa, nthawi zina pamodzi ndi womenya wamkulu mmodzi. Choncho dikirani mndandanda wa osewera, umatuluka kutatsala maola ochepa. Muwerengenso malamulo a kumene mukubetcherako: kwina starter akasinthidwa tikiti imafa n'kukubwezerani ndalama, kwina imangopitirira ndi aliyense amene walowa.

Ngati tulo mumatifuna, yesani kuonera ya ku Japan. Kumeneko Lolemba nthawi zambiri sasewera, starter amaponya kamodzi pa sabata, ndipo gemu ya 6 koloko madzulo ku Tokyo kuno imakhala 11 koloko m'mawa.