Mayi wa Imvi pa Kavalo: Mafunso Anu Okhudza Barbara Stanwyck

Akonzi, mdzukulu wanga adandiikira pa foni magawo angapo a sewero lakale la makawuboyi lotchedwa The Big Valley. Ine ndidakula ndikudziwa kuti m'mafilimu otere mkazi amangoima pakhonde kudikira kuti amuna amalize kuomberana. Koma umu muli mayi wa imvi mbuu amene amalamula ana ake aamuna akuluakulu, amakwera kavalo ndipo mfuti sayiopa. Kodi mayiyu ndani, ndipo adachokera kuti?
*Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Zomba*

Bambo, mayi amene mwamuonayo ndi Barbara Stanwyck. Pamene seweroli linkayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya ABC ku America m'chaka cha 1965, n'kuti iye ali ndi zaka 58, atatha kale zaka zoposa 35 akusewera m'mafilimu a ku Hollywood. Imvi zimene mwazionazo ndi zake ndithu, ndipo adakana kuzidetsa ndi mankhwala pa nthawi imene akazi ambiri a ntchito imeneyi ankabisa msinkhu wawo ngati mlandu.

Dzina lake lobadwa nalo lidali Ruby Catherine Stevens, ndipo adabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, pa 16 July 1907. Ali ndi zaka 4, mayi ake adamwalira munthu wina woledzera atawagwetsa m'galimoto yoyenda panjanji ya mumzinda, ndipo pasadapite nthawi bambo ake adanyamuka kukagwira ntchito yokumba ngalande ya Panama, osabwereranso. Mwanayo adakulira m'makomo a eni, akusamutsidwa uku ndi uku, mpaka adasiya sukulu ali ndi zaka 14 n'kuyamba ntchito yokulunga katundu m'sitolo. Asadakwanitse zaka 17 adali atayamba kuvina m'gulu la Ziegfeld Follies. Dzina lakuti Barbara Stanwyck adalilandira mu 1926, pamene adapatsidwa mbali m'sewero la pabwalo lotchedwa The Noose, ndipo amene adamutsegulira khomo ku Hollywood ndi Frank Capra, wotsogolera kujambula mafilimu, yemwe adamutenga mu filimu ya Ladies of Leisure mu 1930. Capra adazindikira msanga kuti mtsikanayu ankatulutsa luso lake lonse pa ulendo woyamba kujambula, ndipo akamubwerezetsa motowo unkazirala, choncho adayamba kumutchera makamera angapo nthawi imodzi kuti chilichonse chigwidwe pomwepo.

Tsono za makawuboyi zimene zakudabwitsanizo sadaziyambire ku ukalamba. Mu 1935 adasewera Annie Oakley, mkazi weniweni wa m'mbiri ya America amene adatchuka ndi kulasa chandamale ndi mfuti. Kenaka padabwera Union Pacific mu 1939, The Furies mu 1950, ndi Cattle Queen of Montana mu 1954, m'mene adasewera limodzi ndi Ronald Reagan, amene pambuyo pake adadzakhala mtsogoleri wa dzikolo. Koma amene akufuna kuona mtima wa mayiyu afunefune Forty Guns ya mu 1957. Muli malo ena m'filimuyi pamene mphepo yamkuntho ikukuntha, mayiyo wagwa pa kavalo phazi litakodwa m'chopondera, ndipo kavaloyo akumukhwekhwereza pansi m'fumbi. Munthu amene adalembedwa ntchito yochita zoopsa m'malo mwake adakana, poona kuti akhoza kuvulala, koma Stanwyck, ali pafupi kukwanitsa zaka 50, adagona pansi yekha n'kukokedwa.

Mu The Big Valley iye ndi Victoria Barkley, mkazi wamasiye amene akuyendetsa famu yaikulu pafupi ndi Stockton, m'chigawo cha California, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Seweroli lidayenda mpaka 1969 ndipo lili ndi magawo 112. Ngati mdzukulu wanu sadakuikireni gawo loyamba, mupempheni, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo: pafamu pafika mnyamata wotchedwa Heath, amene akunena kuti ndi mwana wa malemu bambo a pakhomopo, wobadwira kunja kwa banja. Tonse tikudziwa mmene nkhani zotere zimathera pa chuma chamasiye, ndipo ambiri taonapo mwana wotere akubwezedwa pachipata. Victoria adameza ululu wa chinyengo cha mwamuna wake n'kumupatsa mnyamatayo malo patebulo pamodzi ndi ana ake. Amene adasewera Heath ndi Lee Majors, akadali wongoyamba kumene.

Akonzi, ndidaonera mayi yemweyu m'mafilimu awiri akale a zithunzi zakuda ndi zoyera. M'filimu ina adandiliza misozi ngati mayi wovutikira mwana wake, koma mu inayo adakonza chiwembu chopha mwamuna wake popanda ndi chisoni chomwe. Kodi luso lake lenileni lidali pati, pa nkhani za m'banja kapena pa za upandu?
*Namwino, Lilongwe*

Mayi, ndikukhulupirira kuti mwaonera Stella Dallas ya mu 1937 ndi Double Indemnity ya mu 1944, ndipo ngati ndi choncho mwayambira pamalo oyenera. Ine yankho langa ndi lakuti mafilimu awiriwa sadatalikirane monga mmene akuonekera.

Taganizirani mathero a Stella Dallas. Mayi wosauka, wosadziwa kavalidwe ndi kayankhulidwe ka anthu apamwamba, waona kuti iye mwini ndiye akutsekera mwana wake wamkazi tsogolo, choncho wadziyipitsa dala pamaso pa mwanayo kuti amusiye n'kupita kukakhala ndi bambo ake olemera. Pa tsiku la ukwati wa mwanayo, mayiyo waima panja mvula ikumuvumba, wagwira zitsulo za mpanda, akusuzumira pawindo, kampango kali kumano. Wapolisi akumuuza kuti achokepo, iye akupempha kamphindi kuti aoneko nkhope ya mwana wake. Kenaka akutembenuka n'kumapita, nkhope ikuwala. Palibe kudzigwetsa pansi, palibe kubuma.

Tsopano taganizirani Double Indemnity, imene adaitsogolera Billy Wilder. Dzina la filimuyi likuchokera ku lamulo la inshuwalansi lakuti munthu akafa pa ngozi ya mtundu wina, monga kugwa m'sitima, kampani imalipira ndalama kuwirikiza kawiri. Phyllis Dietrichson, mbali imene Stanwyck adasewera atavala wigi yoyererako ndi kachibangili ka pamwendo, akunyengerera wogulitsa inshuwalansi, amene adaseweredwa ndi Fred MacMurray, kuti aphe mwamuna wake ndi kuchititsa imfayo kuoneka ngati ngozi ya sitima. Pamene mwamunayo akuphedwa m'galimoto, pa mpando woyandikana naye, kamera sikutionetsa kuphako ngakhale pang'ono. Yangokhazikika pa nkhope ya mkaziyo ali pa chiwongolero, maso ali kutsogolo, milomo itangosuntha pang'ono chabe. Woonera amachita tsemwe ndi nkhope imene sikuchita kanthu. Stanwyck adayamba wazengereza kulandira mbali imeneyi, poopa kuti anthu amene adazolowera kumukonda ayamba kumuona ngati chigawenga, koma Wilder adamutokosa pomufunsa ngati adali katswiri wa zisudzo kapena mbewa, ndipo iye adavomera. M'chaka chomwecho cha 1944, boma la America lidamutchula kuti ndiye mkazi amene adalandira malipiro ochuluka kuposa akazi onse m'dzikolo.

Mukayika zithunzi ziwirizi pamodzi, muona kuti m'malo onse awiri muli mkazi amene palibe adamupatsapo kanthu kwaulere, amene waganiza yekha chochita ndipo akuchichita mpaka kumapeto, nkhope itasunga zambiri kuposa zimene ikuonetsa. Wina wasankha kudzimana, wina wasankha kupha, koma msana ndi umodzi, ndipo ndi msana womwewo umene bambo a ku Zomba auona pa kavalo. N'chifukwa chake sindivomereza zomugawa mayiyu m'magulu. Chimene sichinkamukhala bwino kwenikweni, m'kuona kwanga, ndi mbali ya mkazi wongolira kudikira womupulumutsa; ngakhale mu Sorry, Wrong Number ya mu 1948, m'mene ali chigonere pabedi, akumva pa telefoni anthu awiri akupangana zopha mkazi wina amene pambuyo pake akuzindikira kuti ndi iye yemwe, mantha ake ali ndi ukali m'kati.

Pa wailesi ya kanema adalowakonso m'nkhani za upandu, koma ali ku mbali ya lamulo. Mu The Untouchables, sewero la apolisi olimbana ndi zigawenga za ku Chicago, adaonekera m'magawo awiri ngati wapolisi wamkulu wofufuza anthu osowa. Apo n'kuti kudakali zaka zoposa 10 kuti Angie Dickinson adzatchuke posewera ngati wapolisi wamkazi mu Police Woman mu 1974.

Akonzi, ife amene tikuphunzira zisudzo timamva kuti kale katswiri wa mafilimu akayamba kuonekera pa wailesi ya kanema ndiye kuti zake zatha. Kodi Stanwyck adapita kumeneko chifukwa chosowa kolowera?
*Wophunzira za zisudzo, Blantyre*

Mbali ina ndi yoona, ndipo palibe chifukwa choibisira. M'zaka za m'ma 1950 makampani akuluakulu a mafilimu adali pa mavuto: khoti lalikulu la America lidagamula mu 1948 kuti asiye kukhala eni nyumba zoonetseramo mafilimu awo, ndipo mabanja adayamba kugula mawailesi a kanema n'kumakhala pakhomo madzulo. Mafilimu opangidwa pa chaka adachepa, ndipo oyamba kusowa mbali zabwino adali akazi opitirira zaka 45, pamene amuna a msinkhu womwewo ankapitiriza kusewera ngati anyamata ofunsira mbeta. Stanwyck naye adakhudzidwa. Mafilimu ake omaliza oonetsedwa m'nyumba za kanema adatuluka mu 1964, ndipo ina mwa iwo ndi Roustabout, m'mene adasewera ndi Elvis Presley.

Koma mawu akuti kusowa kolowera akuchepetsa zimene zidachitika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, masewero a makawuboyi oposa 20 ankaonetsedwa sabata iliyonse pa mawailesi a ku America, ndipo pafupifupi onse ankatsogoleredwa ndi amuna. Stanwyck adaonekerako ngati mlendo mu Wagon Train ndi Rawhide, koma chimene ankafuna chidali sewero lakelake, ndipo adalimbikira mpaka adalipeza, osalola kuti Victoria Barkley akhale gogo wongothira tiyi ana akapita kunkhondo. Mphoto ya Emmy, imene ndi yaikulu pa ntchito za wailesi ya kanema, adailandira katatu: mu 1961 chifukwa cha The Barbara Stanwyck Show, ngakhale kuti sewerolo lidangoyenda chaka chimodzi, mu 1966 chifukwa cha The Big Valley, ndiponso mu 1983 chifukwa cha The Thorn Birds. M'sewero lomalizali, ali ndi zaka 75, adasewera Mary Carson, mkazi wamasiye wolemera, mwini famu ya nkhosa ku Australia, amene wagwa m'chikondi ndi wansembe wachinyamata. Usiku wa phwando la tsiku lake lobadwa, mayiyo akumuuza wansembeyo maso ndi maso kuti thupi lakalamba koma chilakolako chili m'katimo sichidakalambe, ndipo pomwalira akusiyira mpingo chuma chake, podziwa kuti ulemerero umene udzatsatire udzamulekanitsa wansembeyo ndi mtsikana amene akumukonda. Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, gawo limenelo mulionere kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo mutseke mawu n'kungoyang'ana manja ndi maso ake.

Akonzi, kodi adawinako Oscar?
*Wowerenga wa ku Mzuzu*

Pa mpikisano wa Oscar, mphoto yaikulu pa ntchito za mafilimu, sadawineko, ngakhale kuti dzina lake lidalowa kanayi: pa Stella Dallas, Ball of Fire ya mu 1941, Double Indemnity, ndi Sorry, Wrong Number. Mu 1982 adapatsidwa Oscar yaulemu chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse, ndipo poilandira adatchula William Holden, amene adali atamwalira miyezi yochepa m'mbuyomo. Ubwenzi wawo udayamba mu 1939 pojambula Golden Boy, pamene akuluakulu a kampani ankafuna kumuchotsa Holden, mnyamata wosadziwika amene ankanjenjemera pamaso pa kamera, koma Stanwyck adamuikira kumbuyo ndi kumamuphunzitsa ntchito ikatha. Kuyambira pamenepo Holden ankamutumizira maluwa chaka ndi chaka.

Stanwyck adamwalira ku Santa Monica pa 20 January 1990 ali ndi zaka 82. Monga mwa kufuna kwake, sipadakhale mwambo wa maliro; thupi lake lidatenthedwa ndipo phulusa lidamwazidwa ku Lone Pine, dera la miyala ndi mapiri ku California kumene mafilimu ambiri a makawuboyi ankajambulidwa.