JavaScript ya mu browser isamawerengere mitengo yanu

Musalole kuti akumangireni webusaiti ya malonda pa JavaScript ya mu browser yokha (JavaScript ndi chinenero cholembera mapulogalamu, ndipo browser ndi pulogalamu yotsegulira mawebusaiti), ngakhale atakuuzani kuti PHP, chinenero china chopangira mawebusaiti, ndi yachikale. Mawu omwewo anandiuza mnyamata amene anatipangira webusaiti yogulitsira katundu, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira.

Iye anaika zonse mu browser: kuwerengera mtengo, kuchotsera makasitomala, ngakhale kutsimikizira kuchuluka kwa katundu. Seva, kompyuta imene imasunga webusaitiyo, inkangolandira chilichonse chimene yatumiziridwa osafunsa. Tsiku lina m'mawa ndinatsegula mndandanda wa maoda n'kupeza oda ya katundu wathu wodula kwambiri, makatoni angapo, koma mtengo wonse utalembedwa 0.01, ndipo pambali pake panali chizindikiro chobiriwira chosonyeza kuti malipiro atheka. Manja anandizizira. Ndinathamangira kosungira katundu, koma anyamata anali atapakira kale, galimoto itanyamuka. Wogulayo sanathyole chilichonse ayi, anangodina batani la F12, limene limaonetsa code (malangizo oyendetsa tsamba) mu browser, kusintha nambala imodzi pa tsambalo, n'kutumiza.

Nditamuimbira mnyamata uja, anayankha mopanda manyazi kuti wolakwa ndi wakubayo osati code yake, kenaka anafuna ndalama zina kuti akonze, ndipo posakhalitsa anasiya kuyankha foni ali ndi password ya seva yathu m'manja. Munthu wotere si katswiri, ndi wongoloweza zimene anaona pa intaneti.

Code iliyonse yofika mu browser ili m'manja mwa mlendo, ndipo akhoza kuiwerenga ndi kuisintha mmene akufunira, pamene zinenero monga PHP kapena Python zimagwira ntchito pa seva, kumene kasitomala safikako. Zoti PHP ndi yachikale n'zopanda mutu, chifukwa inatuluka mu 1995, chaka chomwecho chimene Brendan Eich analemba JavaScript ku kampani ya Netscape, ndipo WordPress, pulogalamu yotchuka yomangira mawebusaiti, ikuyendabe pa PHP yomweyo.

Komabe JavaScript musaithawe. Ndiyo imene browser iliyonse imamva popanda kuwonjezera kanthu, ndipo imachititsa tsamba kuyankha msanga kasitomala akalakwitsa polemba fomu. Kuchokera mu 2009 pulogalamu yotchedwa Node.js imailola kugwiranso ntchito pa seva, moti nditati ndiyambenso lero ndingasankhe iyoyo mbali zonse ziwiri. Musanamulipire amene akukumangiraniyo, akuonetseni malo enieni amene seva ikuwerengeranso mtengo payokha, ndipo password ikhale yanu kuyambira tsiku loyamba.